Ndinatsitsa Lendi, Anandizulira Chitseko

Musandiombere m'manja ndisanayambe, abale, mwina pomaliza mudzafuna ndikubwezereni. Khalani pansi.

Amene simundidziwa, dzina langa la ubatizo ndine Lazaro Mwale, kwathu ku Katete. Koma mukapita pamsika pa Chongwe n'kufunsa Lazaro, adzakuyang'anani ngati mwafunsa shuga kapena mafuta ophikira. Funsani Bwezako. Dzinalo sindinalipemphe, linangondimamatira, chifukwa chibadwire sindinagulepo kanthu pa mtengo woyamba kutchulidwa. Ngakhale kwa wozula mano ndinafunsa ngati angandizule awiri pa mtengo wa limodzi, pamene lopweteka linali limodzi lokha.

Akulu a mphakati andipempha kuti ndilankhule chifukwa ambirife muno timagona m'nyumba za eni. Ena mwa inu mwezi uno simunalipire, ndakuonani mukuyang'ana pansi. Musaope, sinditchula munthu. Ine ndabwera kudzanena za chitseko changa, mmene chinachokera ndi mmene chinabwerera.

Ntchito yanga ndi nkhuku. Ndimazungulira midzi ya kwa Nkomeshya pa njinga, kugula nkhuku zakumudzi, kuziika m'dengu n'kukazigulitsa pamsewu waukulu kwa madalaivala a malole ndi mabwana obwerera ku Lusaka. Ntchito imeneyi ndi ya pakamwa. Pogula umapeza chilema pa tambala wopanda chilema. Pogulitsa, tambala yemweyo amasanduka mwana wa mfumu.

Titafika kuno ndi mkazi wanga Esinati ndi kamwana kathu Jesi, ndinamva kuti kwa ba Phiri kuli chipinda. Ba Phiri anali atapuma ntchito ya njanji. Penshoni yawo anagulira malata, ndipo akazi awo, amene tonse timawaitana bana Joyisi, mayi wa mtundu wa Asoli a konkuno, anaumba njerwa ndi manja awo mpaka zipinda zitatu zinaima kuseri kwa nyumba yaikulu. Kumbukirani zimenezo, kuti njerwa anaumba ndi mayi.

Ba Phiri anatchula lendi. Ine ndinatsokomola, monga mwa mwambo wanga. Ndinagogoda khoma, ndinayang'ana kudenga ngati ndaona dzenje, ndinagwedeza chitseko.

"Ichi chiseko chiswe chaloŵamo, ba Phiri."

"Chiswe chili m'maso mwako," anatero. "Ni thabwa yolimba ya mukwa iyo. Ngati siufuna, kuli ena afuna."

Mkulu uja sanasunthe. Ndinayesa kuchoka pang'onopang'ono kuti andiitane, sanandiitane. Ndipamene ndinatulutsa mpeni wanga womaliza.

"Kodi ba Phiri, kumudzi ni kuti?"

"Ku Chadiza."

Ndinagwira pakamwa. "Ku Chadiza! A Phiri a ku Chadiza! Amayi anga ni Naphiri!"

Sindinaname, amayi anga ndi Naphiri ndithu. Koma inu a kum'mawa mukudziwa kuti kwathu ukaponya mwala pagulu la anthu umagwera Phiri, ukadumpha umagwera Banda. Ndinagwada pafumbi pomwepo, kuomba m'manja. "Amalume! Ndiye kuti nakhala nivutika m'chalo cha eni pamene amalume alipo!"

Munthu akakhala zaka zambiri kutali ndi kwawo, wopanda womugwadira, mawu akuti amalume amamulowa ngati thobwa lozizira. Maso a ba Phiri anafewa. "Wako ni wako," anatero, n'kudula lendi pakati. Kenako anatsitsa mawu: "Manje tiyende kuli ba tcheyamani ba sekishoni, nikakuonetse ngati mphwa wanga, mwana wa mlongo wanga. Masiku ano ukakhala na nyumba za lendi, ba chipani bakamba ati udyela anzako. A lendi awiri amene nili nao bakwana, wachitatu akhale wa pabanja."

Ndinavomera ndikuseka. Ndinaona ngati mbasela.

Madzulo ake ndikudzitama, Esinati anangondiyang'ana akupukuta mwana. "Atate a Jesi, anyezi wogula pamsika namuona, nsomba za kapenta naziona. Amalume ogula pamsika sininawaonepo."

"Ndiye chifukwa chake iwe si Bwezako," ndinamuyankha.

Apa ndithamanga, chifukwa kutsetsereka sikuchedwa.

Theka la lendi lija limene ndinapulumutsa silinafike m'manja mwa Esinati. Linkatsikira kuthaveni, kumene ndinkagulira anthu mowa kuti amve mmene ndinapusitsira mkulu wa njanji. Pamene ndinkadzitama choncho, umphwa unali utayamba kundilipiritsa. Unga ukafika kusitolo, wokaima pamzere wa nyumba yaikulu anali mphwa. Munda wa amalume ukamera udzu, mphwa. Kukabwera alendo, "Mphwa, nipaseko tambala mmodzi," ndipo tambala wa amalume salipiridwa. Esinati ankatunga madzi a nyumba ziwiri. Chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala ba Daka, mphunzitsi amene anaphunzira kukoleji ya ku Chalimbana. Iwo ankalipira lendi yonse, n'kumagona Loweruka mpaka dzuwa kuwaotcha mapazi, popanda wowatuma ngakhale machesi. Ine ndinkawaseka kuti sadziwa kutsitsa mtengo.

Kenako kunabwera chitopa. Nkhuku zonse zimene ndinasonkhanitsa kuti ndidzagulitse pa Khirisimasi zinayamba kuwodzera, kupinda makosi, kugwa imodziimodzi. Munthu wanzeru akanakwirira nkhukuzo n'kuyambanso. Ine ndinakwirira nkhuku, n'kusamuka kuchoka ku mowa wamasese kupita ku kachasu, poti ndiye wofulumira. Ndinagulitsa wailesi. Ndinagulitsa nsapato za ukwati. Ndinagulitsa bulangete la Jesi, ndikunena pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu, bulangete la mwana. Ndipo chimene chimandiluma mpaka lero, Bwezako yemwe uja anagulitsa zonsezo pa mtengo woyamba umene wogula anatchula.

Lendi ndinasiya. Mwezi unatha, wina unatha, winanso. Tsiku lina kachasu atandikwera ndinaima pabenchi n'kulengeza kuti, "Mphwa salipila kwa amalume ake! Ni mwambo!" Mawu a pa mowa amayenda opanda njinga. Anafika kwa ba Phiri ine ndisanafike, ndipo nthawi imeneyo n'kuti anthu ogwira ntchito kukoleji ya ku Chalimbana akuyendayenda kufuna zipinda, ndi lendi yonse m'thumba.

Masana ena ndinabwera ndikudzandira, mitambo ya mvula itadera bii kum'mawa. Ndinatambasula dzanja kuti ndikankhe chitseko, ndinangogwera m'kati. Panalibe chokankha. Panali dzenje lalitali ngati munthu, ndi timabowo ta misomali pamene panali mahinjesi. Esinati anali atakhala pamphasa, Jesi pamiyendo, onse akuyang'ana panja ngati anthu a m'sitolo. Njinga yanga nayo kunalibe.

Ba Phiri anali pakhonde pawo, akupukuta sikuludilaiva ndi kansanza.

"Amalume, chiseko chayenda kuti?"

"Chiseko ni changa. Naika pa khola ya mbuzi. Mbuzi zinipasa manyowa. Iwe unipasa chani?"

"Nanga njinga?"

"Nakusungila, mphwa. Ukachoka uzaitenga."

Ndinasuzumira kuseri. Zoona, chitseko changa cha mukwa chinali chitaima pakhola, ndi loko wanga yemwe. Mbuzi za ba Phiri zinali ndi chitseko, mwana wanga analibe.

Ndinathamangira kwa tcheyamani wa sekishoni, chipewa m'manja. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kukanda chibwano. "Komuledi Mwale, si imwe munabwela kuno na ba Phiri? Munakamba mweka ati ni amalume banu. Akanakhala landilodi na wa lendi, nikanaloŵapo. Manje izi ni za pabanja. Za pabanja chipani sichiloŵamo. Yendani mukagwade."

Ndinapita kukagwada. Bondo lomwe lija limene linatsitsa lendi. Ulendo uno silinagule kanthu.

Esinati anasoka masaka awiri a unga n'kupachika pakhomo. Amene munakhalapo kuseri kwa saka nthawi ya dzinja mukudziwa. Mphepo ikaomba limalowa m'nyumba ngati mlendo wopanda odi, mvula ikagwa limadontha ngati mphuno ya mwana. Jesi anayamba kutsokomola, ndipo bulangete lake linali likufunda munthu wina. Mukuganiza kuti ndinasiya kumwa? Ndinawonjezera. Ndinkati ndikamwa sindimva mphepo.

Tsopano ndiyenda pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ndinakhota.

Unali m'mawa, dzuwa litatuluka kale. Ndinadzidzimuka ndi kupuma kotentha pankhope panga. Nditatsegula maso, ndinaona mphuno ya nkhumba. Nkhumba ya kwa neba inali italowa pansi pa saka, itagubuduza chitini cha unga umene Esinati anauimira pamzere dzulo lake kuyambira m'bandakucha mpaka masana, ndipo inali itaima pakati pa nyumba yanga, mphuno yoyera ngati yapakidwa laimu, ikundiyang'ana. Sinathawe. Inandiona kuti ndine mnzake.

Esinati anali atapita ndi mwana kukiliniki. Anabwera n'kupeza ndikukokolola unga wosakanizika ndi matope ndi manja anga. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Anatsitsa Jesi, anatenga chitenje, anayala pansi, n'kuyamba kuikapo zovala zake ndi za mwana, chimodzichimodzi, kupinda bwinobwino.

"Amake Jesi, uchita chani?"

"Mwatsitsa mtengo wa tomato, nakhala chete. Mwatsitsa wa nyumba, nakhala chete. Lomba mwatsitsa wa ine na mwana mpaka nkhumba iloŵa popanda odi." Anamanga mfundo ya katundu. "Tiyenda ku Kasisi kwa amake Tereza a mumpingo. Chiseko chikabwela, tibwela. Mvula ikatha chikalibe kubwela, tikwela basi ya ku Katete, ndipo musatilondole."

Kenako anamasula kansonga ka chitenje chimene anavala, natulutsa ndalama ya basi. Anati pamzere wa kukiliniki mayi wina anamuuza kuti ku Lusaka kuli ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu, ndipo nkhani za nyumba amazimva. Anaika ndalamayo pansi, pa unga wotayika uja.

"Iyi ni ya basi. Mukafuna, ni ya kachasu. Ine sinizaona."

Ananyamula mwana kumbuyo, katundu pamutu, anakweza saka lija n'kutuluka. Panalibe ngakhale chitseko choti amenyetse.

Ndalama ija ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Sindikunamizani, pakhosi panga panali patauma, ndipo miyendo inkadziwa njira ya kwa mayi wa kachasu bwino kuposa ya kusiteji. Chimene chinandigwira ndi ichi: ndinaimirira kuti ndituluke, n'kukumbukira kuti ndikatuluka palibe wotsala. Masiku onse aja amene ndinkamwa momasuka, chitseko cha nyumba yanga anali Esinati. Ndiye ankakhala pakhomo kulondera timapoto ndi mphasa. Tsopano atachoka, kutuluka kunali kupereka zotsalazo kwa nkhumba ndi akuba. Ndinakhalanso pansi. Tsiku lonse ndinakhala pakhomo ngati galu, thukuta likutuluka, kachasu akuchoka m'thupi ndi mkwiyo. Limenelo linali tsiku langa loyamba losamwa, ndipo sindinalisankhe ndine. Linasankhidwa ndi dzenje.

M'mawa mwake ndinatuta timapoto kukasiya kwa ba Daka, mphunzitsi amene ndinkamuseka uja, n'kukwera basi.

Kuofesi ndinapeza mayi wa magalasi, mafaelo atamuzungulira ngati mpanda. Chinthu choyamba chimene ndinafunsa mukuchidziwa kale.

"Madamu, ni zingati?"

"Ni mahala."

Ndinakhala ngati ndaponda pamoto. Ine chinthu chaulere ndimachiopa, chilibe potsitsira.

Ndinafotokoza zonse, ndikukometsera apa ndi apo monga wa nkhuku. Anandidula ndi cholembera. "Ba Mwale, funso ni imodzi chabe. M'nyumba muja ndimwe ndani? Wa lendi, olo wachibale wosungiwa?"

"Madamu, tikambe kuti hafu hafu."

Anavula magalasi. "Kuno si ku maliketi. Wachibale wosungiwa ni mlendo. Mwine wa nyumba akalema naye amuuza yenda, na lamulo ilibe zambili zokamba. Koma wa lendi ali na lamulo kumbuyo kwake. Landilodi sangamuchose na manja yake. Sangazule chiseko olo malata. Sangatenge njinga yake popanda khoti kuvomela. Ngati afuna achoke, amupase notisi, ayende ku khoti, khoti ndiye ikambe. Olo mukhale na nkhongole, njila ni yamene iyo."

Ndinaomba m'manja. "Ndiye kuti nine wa lendi, madamu! Lembani!"

"Yembekezani. Wa lendi alipila. Miyezi yamene simunalipile muzavomela pamenso pa khoti, na kulipila. Muzavomela futi kuti umalume uja munapanga chabe. Mukapitiliza kusalipila, khoti yamene iyo izakuchosani, na ine sinizakuthandizani. Manje sankhani. Ndimwe ndani?"

Abale, ndakhala ndikugula ndi kugulitsa moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona malonda amene ndinachita pafumbi paja. Ine ndinkati ndagula chipinda pa theka la mtengo. Ayi. Ndinali nditagulitsa chinthu chimene sindinadziwe kuti ndili nacho. Ba Daka ankalipira lendi yonse, koma pamodzi ndi chipinda ankalandira ufulu woti munthu asawakhudze. Ine ufulu umenewo ndinaupereka ndikuomba m'manja, n'kuwonjezapo atambala. Wogulitsa wabwino anali ba Phiri. Wopusitsidwa ndinali ine, ndipo ndinagulira thaveni yonse mowa kukondwerera.

Mawu anatuluka movuta ngati fupa la nsomba. "Nine wa lendi, madamu. Wankhongole. Amayi anga ni Naphiri, koma ba Phiri sanawaonepo."

"Apo manje tayamba," anatero, n'kuvalanso magalasi.

Anandithandiza mapepala, samani inapita kwa ba Phiri. Podikira tsiku la mlandu ndinakhala mlonda wa dzenje langa. M'mawa ndinkakhala pakhomo. Ba Daka akaweruka kusukulu ankandiyang'anira, ine n'kuyenda wapansi kukagulitsira anzanga nkhuku kuti andigawireko pang'ono. Lamlungu ndinkapita ku Kasisi kukaona Jesi. Esinati ankandinunkhiza kaye asanandipatse moni.

Tsiku la mlandu tinakwera basi imodzi, ine kumbuyo, ba Phiri kutsogolo atavala jekete la njanji, bana Joyisi pambali pawo. M'khoti ndinanena zanga zonse monga ndinalonjezera, ngongole, kachasu, umalume wa pafumbi. Anthu anaseka, woweruza anawaletsa.

Ba Phiri ataimirira, ndinaona kuti zandivuta. Analankhula modekha ngati mkulu wa mpingo. Anati ine ndine mwana wa mlongo wawo, anandisunga mwachifundo, sanalandirepo lendi, zimene ndinkawapatsa zinali za sopo monga mwana aliyense amachitira. Anati ngakhale kusekishoni amadziwa choncho. Ine ndinalibe kapepala ngakhale kamodzi, poti ndani amapempha lisiti kwa amalume ake? Woweruza ankalemba, akugwedeza mutu. Ndinaona chitseko changa chikukalamba pakhola la mbuzi, ndi basi ya ku Katete ikunyamuka.

Kenako womasulira anati, "Ba Mwale, muli na funso kuli ba Phiri?"

Pali chinthu chimodzi chimene ntchito ya nkhuku inandiphunzitsa. Ukafika pakhomo kudzagula tambala, usayang'ane bambo amene akutchula mtengo. Yang'ana mayi amene waima kumbuyo, chifukwa ndiye anamudyetsa. Ndinatembenuka kuyang'ana bana Joyisi pabenchi. Nthawi iliyonse amuna awo akati "mwana wa mlongo wanga," woweruza n'kulemba, nkhope yawo inkauma ngati chikumba. Ndinakumbukira kuti chaka chomwecho mayiwa anapita kumaliro a mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, n'kubwerako akulira kuti adzukulu a malemu ndi aphwa anabwera ndi lole, anatenga mipando, makina osokera, mpaka malata, n'kusiyira mng'ono wawo poto mmodzi ndi ana. Kwa Achewa ndi kwa Asoli nkhaniyo ndi imodzi: mwamuna akamwalira, amene amaima kutsogolo pa katundu ndi mwana wa mlongo wake.

Ndinapinda manja mwaulemu.

"Amalume, mwakamba pamenso pa khoti kuti nine mwana wa mlongo wanu, wa mimba imodzi na imwe?"

"Nakamba."

"Na ba khoti balemba?"

"Balemba."

"Zikomo. Manje amalume, Mulungu asalole, mukhale na moyo wautali. Koma tsiku yamene muzatisiya, pa mwambo wathu, vipinda vija vitatu na nyumba ikulu, azayang'anila ni ndani?"

Ba Phiri anatsegula pakamwa. Yankho silinachokere mwa iwo. Linachokera kubenchi.

"Ni boza!" Bana Joyisi anali ataima, duku litapendekeka. "Si mphwa uyu! Ni wa lendi! Alipila pa mwezi, nimalandila neka, ma hafu hafu yake yamene ayo! Njelwa zija ninaumba na manja yanga, azipyane na kuzitenga chidakwa wa nkhuku? Fafanizani vamene mwalemba!"

Wapolisi wa m'khoti anathamangira kukawakhazika pansi. Woweruza anagogoda patebulo, koma ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Phokoso litatha anawaitana kuti abwere kutsogolo, alumbire, anene bwinobwino. Ananena zonse, tsiku limene ndinalowa, lendi imene tinapangana, mwezi umene ndinasiya. Mboni yanga yabwino koposa inali munthu amene sankafuna n'kundiona komwe.

Chiweruzo chinali chachifupi. Ine ndine wa lendi. Chitseko chibwerere pamalo pake, njinga ibwerere kwa mwini. Ba Phiri anauzidwa kuti mwini nyumba sakhala khoti payekha, akafuna ndichoke atsate njira. Ine ndinauzidwa kuti ngongole ndilipire pang'onopang'ono pamwamba pa lendi ya mwezi, ndipo ndikaphonya adzandiona m'chipinda chomwecho nkhope itasintha. Lilime langa linayamba kuyabwa kuti ndinene "bwezaniko pang'ono, bwana." Ndinaliluma mpaka kulawa magazi.

Kubwerera kwanga kunalibe zozizwitsa, ndiye amene mukuyembekeza mngelo pepani. Njinga itabwera ndinayamba ndi nkhuku zochepa zongongola kwa mlimi wina wa kwa Nkomeshya amene anandikhulupirira pamene ine sindinkadzikhulupirira. Ndinasintha njira yobwererera kunyumba, chifukwa yakale inkadutsa pa mayi wa kachasu, ndipo njinga yanga inkaima yokha pamenepo. Yatsopanoyi ndi yaitali, ili ndi chitunda, koma imafika. Ndalama ya lendi ndimaipereka kwa Esinati tsiku limene ndaipeza, isanagone m'thumba mwanga. Ndinaterereka kamodzi pa ukwati wa mnzanga, sindibisa. M'mawa mwake ndinapita ndekha kwa akulu a mphakati asanandiitane. Bulangete ndinagula lina, ndipo wogulitsa anadabwa mpaka kuitana anzake kuti adzaone Bwezako akulipira osatsokomola.

Kwa inu amene muli m'nyumba za eni, zimene ndinagula modula ndikupatsani mahala. Polowa m'nyumba, nenani poyera, pali anthu, kuti ndinu wa lendi, ngakhale mwini nyumbayo akhale amalume anu enieni. Chibale chikhale cha pa maliro ndi pa ukwati, pa nyumba pakhale pangano. Mukapereka lendi pemphani kapepala, ngakhale kong'amba m'kope la mwana wasukulu. Ine ndinapulumuka chifukwa cha mkwiyo wa bana Joyisi, inu mwina landilodi wanu ndi mbeta. Akakuzulirani chitseko, akakuchotserani lata, akakutsekerani katundu, musabwezere ndi nkhwangwa ndipo musathawe ndi manyazi ngati mwaba. Ngongole si chilolezo choti munthu akugonetseni pamvula. Pitani mukafunse, khoti lilipo. Koma mukapita, pitani ndi zoona, ndipo konzekani kulipira zanu. Lamulo limateteza wa lendi, silinena kuti akhale mahala.

Ndikuona ena mukucheukira kumbuyo. Inde, amene akuseka atagwira pakamwa apo ndi bana Joyisi, ndipo tikukhalabe kwawo. Ngongole itatha, tinakhala pansi pali ba Daka ngati mboni, n'kupangana lendi yatsopano, yofanana ndi ya anzanga. Madzi a nyumba yaikulu amatunga eni ake. Tambala akafuna, amagula, ndipo amayi awa potsitsa mtengo ndi oopsa kuposa ine.

Ndimalize ndi tsiku limene chitseko chinabwera.

Ba Phiri anachinyamula okha kuchokera kukhola, pamutu, mbuzi zikuwatsatira ngati zikudandaula. Ine ndinagwira, iwo akumanga mahinjesi. Tinagwira ntchito mpaka msomali womaliza. Kenako anapukuta thukuta n'kunena chapansipansi, "Mphwa, izi zikanasila pa nyumba."

"Ba landilodi," ndinatero, "zikomo pa chiseko."

Ndinapalasa njinga mpaka ku Kasisi osaima. Nditamuuza kuti chitseko chabwera, Esinati anangonyamula katundu uja, mfundo yake inali isanamasulidwe. Titafika anaima patsogolo pa chitseko, anachiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi, anachinunkhiza.

"Chinunkha mbuzi."

"Nizachisuka."

"Chisiyeni. Muzikumbukila."

Analowa, ine pambuyo ndi Jesi. Mvula inali itayamba kuwaza pamalata. Esinati anakankha chitseko ndi dzanja limodzi, n'kukoka kachitsulo kotsekera m'kati. Kanalira kuti kwatcha. Jesi anaseka, anatsika, anakafikira ndi timanja take, anatsegula, n'kutsekanso. Kwatcha. Anatsegula, anatseka. Kwatcha. Tinamusiya achite mpaka atatopa, ndipo amayi ake, atakhala pamphasa, anayamba kumasula mfundo ija.